Kutsitsa Kapena Kukweza? Mafunso ndi Mayankho pa Sasipenshoni ya Galimoto ya mu Blantyre

M'magalaja a ku Makata ndi a m'mphepete mwa Ndirande mumalowa eni galimoto amitundu iwiri amene zofuna zawo n'zotsutsana. Wina wangolandira kumene Sienta kapena Passo yochokera ku Japan, yakhula pansi pa hampu yoyamba, ndiye akufuna ikwezedwe. Wina ndi mnyamata wa Golf, Altezza kapena BMW amene waonera mipikisano ya drag pa foni, akufuna galimoto itsike, iume, izinyamuka mwaukali. Onsewa akugwira chinthu chimodzi, sasipenshoni, ndipo onse angathe kutaya ndalama n'kuwononganso galimoto ngati sakudziwa chimene chitsulo chilichonse chimachita.

Kodi sasipenshoni ndi chiyani kwenikweni?

Ndi zitsulo ndi mphira zonse zimene zili pakati pa tayala ndi thupi la galimoto. Sipuling'i ndiyo imasenza kulemera, n'kufinyika tayala likagunda chinthu. Shoko sisenza galimoto. Ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumphadumpha. M'kati mwa shoko muli mafuta amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuvutika kwa mafutawo podutsa ndiko kumathetsa mdumpho. Kenako pali mikono yachitsulo yogwira tayala, mabushi a mphira m'malo olumikizira, ma ball joint, ndi chitsulo chopingasa chotchedwa stabilizer chimene chimachepetsa kupendekeka pokhota.

Ambiri amaganiza kuti zonsezi zilipo kuti okwera asamve mabampu. Imeneyo ndi ntchito yachiwiri. Yoyamba ndi kusunga tayala pansi. Galimoto imakhudza msewu pamalo anayi okha, aliwonse kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo mphamvu ya injini, mabuleki ndi chiwongolero zonse zimadutsira pamenepo. Tayala likanyamuka m'mwamba ngakhale kwa kamphindi, buleki ya tayala limenelo ilibe ntchito.

Mpikisano wa drag umachitika pamsewu wowongoka. Nanga sasipenshoni ikubweramo bwanji?

Galimoto ziwiri zimaima pamzere umodzi, nyali ikayaka zimanyamuka, ndipo mtunda wodziwika kwambiri ndi mamita 402, omwe ndi kota ya mailo. Masewerawa anakulira ku America, kumene Wally Parks anayambitsa bungwe la NHRA mu 1951, mwa zina pofuna kuchotsa anyamata othamangitsana m'misewu ya anthu kuti azikapikisana pamalo otetezedwa. Kuno kumwera kwa Africa kuli bwalo la Tarlton pafupi ndi Krugersdorp ku South Africa, ndipo ku Harare mipikisano yotere imachitikira ku Donnybrook.

Pakapepala kamene wopikisana amalandira akamaliza, nambala imene odziwa amayamba kuyang'ana si liwiro lomalizira ayi. Amayang'ana nthawi imene galimoto yatenga pa mafiti 60 oyambirira, pafupifupi mamita 18. Pamenepo ndi pamene mpikisano umapambanidwira, chifukwa zimene mwataya ponyamuka simungazibweze kutsogolo. Injini ingakhale yamphamvu bwanji, ngati matayala akungozungulira pamalo amodzi n'kumafuka utsi, galimoto ya mphamvu zochepa imene yagwira pansi ikusiyani. Kugwira pansiko ndi nkhani ya matayala ndi sasipenshoni.

Ndiye opikisana amaikonza bwanji kuti igwire pansi?

Galimoto ikamanyamuka, mbali ya kulemera kwake imasamukira kumatayala akumbuyo. Aliyense amene anakwerapo minibasi ya pakati pa Blantyre ndi Limbe anazimva izi m'thupi, dalaivala akaponda moto msana n'kukanikizika kumpando. Kuchuluka kwa kulemera kosamukako kumadalira zinthu zinayi: kulemera kwa galimoto, ukali wa kanyamukidwe, kutalika kwa pakatikati pa kulemera kwake kuchokera pansi, ndi kutalikirana kwa matayala akutsogolo ndi akumbuyo.

Tiyerekeze galimoto yolemera makilogalamu 1,400, pakatikati pa kulemera kwake pali masentimita 55 kuchokera pansi, matayala akutsogolo ndi akumbuyo atalikirana mamita 2.75. Ikanyamuka ndi mphamvu yofanana ndi theka la mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, makilogalamu 140 amasamukira kumbuyo. Mukaitsitsa ndi masentimita 5, osamukawo amatsika kufika pa 127. Mnyamata wa Mark X kapena BMW, galimoto zokankha ndi matayala akumbuyo, aone bwino masamu amenewa: poitsitsa galimoto yake wachepetsa kulemera kokanikiza matayala amene akumukankha. Imaoneka yaukali itaima, koma ponyamuka yafooka.

N'chifukwa chake galimoto ya drag yokankha ndi kumbuyo imakonzedwa mosiyana kwambiri ndi mmene anthu amaganizira. Kutsogolo amaikako masipuling'i aatali ndi ofewa, amene afinyika kale ndi kulemera kwa injini ndipo ali okonzeka kutambasuka. Amaikakonso mashoko otchedwa 90/10, amene amalola mphuno ya galimoto kukwera msanga koma n'kumatsika pang'onopang'ono, kuti kulemera kukhalitse kumbuyo. Stabilizer yakutsogolo amaimasula kapena kuichotseratu kuti isagwire mphunoyo. Matayala akutsogolo amakhala opyapyala ndi opepuka. Akumbuyo amakhala otambalala, a mphira wofewa, ndipo mpweya amauchepetsa kwambiri kuti tayala liphwasuke n'kukhudza pansi pamalo aakulu.

Kumbuyo kuli kanthu kamene kamanyenga maso. Galimoto ikakhala pansi kwambiri kumbuyo ponyamuka, oonerera amakuwa kuti yagwira. Koma kukhala pansiko kumatanthauza kuti thupi likutsika ndipo tayala likulowa m'kati mwa thupi m'malo mokanikizidwa pamsewu. Akatswiri amasintha mapendekedwe a mikono yakumbuyo kuti mphamvu ya injini izikankhira tayala pansi, thupi likhale pafupifupi pamene linali. Pagalimoto za ekiselo imodzi yolimba kumbuyo palinso vuto lina: kupota kwa shafiti kumapeputsa tayala limodzi, kawirikawiri lakumanja, ndipo limenelo ndilo limayamba kuterereka. Ena amalimbitsa pang'ono mbali imeneyo, ena amagula difu yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha.

Yanga ndi Golf, ina ya mnzanga ndi Vitz. Zimakoka ndi matayala akutsogolo. Malangizo ndi omwewo?

Ayi, ndi otembenuza. Kulemera kumasamukirabe kumbuyo, koma tsopano kukuthawa matayala amene akukoka. Mwini galimoto yotere amafuna kusamukako kuchepe ndiponso kuchedwe: kumbuyo kolimba kuti kusakhale pansi, kutsogolo kosalola mphuno kukwera, matayala abwino kutsogolo. Apa kutsitsa pang'ono kumathandizadi. Galimoto zambiri zimene zadzaza m'misewu ya Blantyre, monga Vitz, Passo, Fit, Note, Demio ndi Polo, zili m'gulu limeneli, choncho amene akukopera makonzedwe a galimoto za ku America za m'mavidiyo akumwa mankhwala a matenda a munthu wina. Subaru yokoka ndi matayala onse anayi sivutika kwambiri ndi zimenezi, koma mphamvu imene matayala ake sataya poterereka imakathera pa kilatchi ndi giyabokosi.

Bwanji osangoikonza mwa drag n'kumayenda nayo momwemo m'tauni?

Chifukwa chilichonse chimene chimaithandiza pa mamita 402 owongoka chimaipweteka pamsewu wa tsiku ndi tsiku, ndipo misewu ya Blantyre ndi yosakhululuka pankhani imeneyi. Mzinda uno unamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Malo osalala ndi owongoka ndi ochepa. Kuchoka ku Makata kupita ku Limbe mudutsa ma roundabout, mahampu, malo amene phula linagambidwa kangapo, ndi mizere imene malole olemera a kumafakitale anadinda m'phula. Mukalowa m'makwalala a ku Bangwe, Machinjiri kapena Chirimba nthawi ya mvula, mukukumana ndi ngalande zimene madzi akumba usiku umodzi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsa mmene madzi otsika m'mapiriwa amakokololera msewu.

Taganizani shoko ya 90/10 pa hampu. Sipuling'i yafinyika, kenako ikutambasuka popanda choigwira, mphuno ya galimoto yakwera ndipo ikuchedwa kutsika. Pa kanthawi kameneko matayala akutsogolo ndi opepuka ndipo chiwongolero sichikumva bwino. Wakabaza akatulukira pamenepo, mulibe chomuzembera. Galimoto yopanda stabilizer imagona kwambiri pa roundabout ya ku Chichiri, ndipo potsetsereka msewu wokhotakhota wa ku Chikwawa ingakutayeni. Matayala opyapyala akutsogolo amatalikitsa mtunda woimira, poti pogwira buleki kulemera kumathamangira kutsogolo. Tayala la mpweya wochepa limatentha paulendo wautali, ndipo likagwera m'dzenje limapanikizika pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa dzenjelo n'kutupa chotupa m'mbali. Matayala osalala a mpikisano alibe mizere yotulutsira madzi; pamvula ya mu January galimoto imangoyandama.

Choopsa kuposa zonse, chimene ena amachiyesa njira yachidule, ndi kuwotcherera difu kuti matayala akumbuyo azizungulira limodzi. Pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, ndipo difu ilipo kuti izilola zimenezo. Ikawotchereredwa, tayala limodzi limakakamizika kukhula pansi pakona iliyonse. Pamsewu wouma mumamva kulira ndi kudumpha. Pamsewu wonyowa kumbuyo kumangotembenuka. Galimoto yonyamula ana kupita nawo kusukulu isachitidwe zimenezi.

Mashoko ndi masipuling'i otsitsira ndi odula. Kodi kungodula sipuling'i ndi galayinda n'kulakwa?

Zimachitika kawirikawiri, ndipo ntchito yake sitenga nthawi. Sipuling'i aigoneka pansi, aiponda ndi phazi, galayinda ilira, mkombero umodzi kapena iwiri igwa. Ikabwezeredwa, galimoto yatsikadi ndipo mwini wake akumwetulira. Mavuto amabwera pambuyo.

Sipuling'i ikafupika imauma, chifukwa mikombero yotsalayo ndi yochepa yogawana ntchito. Koma siuma mokwanira kulipira mpata umene watayika. Shoko imene inapangidwa kuti izigwira ntchito ili pakatikati pa ulendo wake tsopano yakhala pafupi ndi kumapeto, moti dzenje laling'ono lomwe limaigunditsa pansi. Kugunda kumeneko kumaphwanya kamphira kotchinjiriza, kenako mavavu a m'kati mwa shoko, kenako mpando wapamwamba pamene shoko imamangirira kuthupi. Masipuling'i ambiri ali ndi mapeto opindidwa mwapadera kuti akhale bwino pampando wake. Mukadula, nsonga yotsalayo sikhazikika, ndipo tayala likalendewera m'dzenje sipuling'i ingathe kuchoka pamalo pake. N'kovutanso kudula ziwiri kuti zifanane ndendende, ndiye galimoto imayenda chopendekera.

Kutenthetsa sipuling'i ndi moto wa gasi kuti itsike n'koipa kuposa kudula. Chitsulo chake chinalimbitsidwa ndi kutentha koyezedwa bwino kufakitale. Motowo umachifewetsa pamalo amodzi, chimapitiriza kutsika mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku lina chithyoke.

Amene akufunitsitsa kutsitsa agule masipuling'i opangidwira galimoto yakeyo pamodzi ndi mashoko ogwirizana nawo, ndipo asapitirire masentimita awiri kapena atatu. Ngakhale ku Japan, kumene misewu ndi yosalala, galimoto siloledwa kudutsa pa kuyezedwa kwa boma ngati mpata wa pansi pake sukwana masentimita 9. Kuno mpata wotere ndi wosiya sampu ndi ekizozi pa hampu.

Ine vuto langa ndi lina. Sienta yanga imakhula pansi. Masipesa ndi abwino?

Funso limeneli ndilo lofunika kwa anthu ambiri a mu Blantyre kuposa la drag. Galimoto zazing'ono zochokera ku Japan zimafika ndi mpata wa masentimita pafupifupi 14 kapena 15, zili zopanda katundu, ndipo masipuling'i ake akhala atagwira kale ntchito zaka zingapo. Mukakweza anthu asanu ndi awiri ndi thumba la chimanga, mpatawo watha.

Sipesa ndi kachidutswa ka aluminiyamu, pulasitiki wolimba kapena mphira kamene amakaika pamwamba pa shoko kapena pa sipuling'i kuti thupi likwere. Ya masentimita awiri kapena atatu, yopangidwa bwino, yoikidwa mbali zonse mofanana, imathandiza ndipo siwononga zambiri. Ikapitirira apo mavuto amayamba. Mashafiti opita kumatayala akutsogolo amapendekeka kwambiri, mphira wokuta CV joint amang'ambika msanga, girizi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo posakhalitsa mumva kugogoda mukamakhota. Ball joint imagwira ntchito ili kumapeto kwa ulendo wake. Mapaipi a mphira a buleki amakokeka tayala likalendewera. Galimoto yokwera imapendekekanso kwambiri pakona, makamaka yaitali ngati Sienta, Freed kapena Noah.

Chimene sipesa singachite ndi kuwonjezera mphamvu yosenzera katundu. Ngati kumbuyo kumagwa chifukwa sipuling'i yatopa, sipesa ingokweza poyambira koma kufooka kulipobe. Pamenepo chofunika ndi sipuling'i yatsopano kapena yolimbirapo pang'ono. Ndipo sipuling'i yolimba sikulitsa mabuleki, mabering'i kapena matayala. Malire a katundu amene fakitale inaika amakhala omwewo. Eni maminibasi amene amawonjezera chitsulo pa leaf spring ya Hiace amaimitsa galimoto mowongoka, koma mtunda woimira ikadzaza susintha.

Mukakweza kapena kutsitsa, pitani ku alayinimenti tsiku lomwelo. Kusintha msinkhu wa galimoto kumasintha mmene matayala aimira, ndipo tayala latsopano lingadyeke mbali imodzi m'miyezi yochepa.

Nanga marimu aakulu ndi matayala opyapyala m'mbali?

Tayala ndilo sipuling'i yoyamba ya galimoto. Pa nambala ngati 175/65 R14, ya 175 ndi kutambalala kwa tayala mu mamilimita, ya 65 ikutanthauza kuti kutalika kwa m'mbali mwake ndi magawo 65 pa 100 a kutambalalako, ndipo 14 ndi kukula kwa rimu mu mainchesi. Tayala limeneli lili ndi mamilimita pafupifupi 114 a mphira ndi mpweya pakati pa rimu ndi msewu. La 205/40 R17 lili ndi 82 okha. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumagamula ngati dzenje la pamsewu wa ku Chileka lingokugwedezani kapena lipinda rimu. Marimu aakulu ambiri ndi olemeranso, ndipo kulemera kwa kutayala kumachedwetsa kanyamukidwe n'kulemetsa ntchito ya shoko. Onani galimoto zenizeni za drag: matayala ake okankha ali ndi m'mbali motalika, chifukwa mphira wopindika ndiye amagwira pansi ponyamuka. Pankhani imodzi yokhayi, bwalo la mpikisano ndi misewu yathu zimagwirizana.

Ofuna kukweza galimoto pang'ono angayambire pomwepa. Kuchoka pa 175/65 R14 kupita pa 175/70 R14 kumakweza galimoto yonse ndi mamilimita pafupifupi 9 popanda kukhudza chitsulo chilichonse. Muonetsetse kuti tayala silikukhula mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo mudziwe kuti sipidomita iziwerenga mochepera ndi magawo atatu pa 100 alionse, zimene apolisi a kamera sadzakumverani chisoni nazo.

Pogula matayala a kaunjika, funani manambala anayi omalizira pa chidindo cha DOT m'mbali mwa tayala. Akalemba 2319, linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lingakhale ndi mizere yakuya koma mphira wake atauma ndi ukalamba. Galimoto zina zimafika kuchokera ku Japan zitavala matayala a nyengo ya chipale, olembedwa kuti studless, okhala ndi timizere tambirimbiri tating'ono. Mphira wake ndi wofewa kwambiri. Pa phula lotentha la mu October amadyeka msanga ndipo sagwira bwino pa buleki. Mpweya woyenera walembedwa pakapepala komatidwa pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo uziyezedwa matayala asanatenthe.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi shoko, bushi kapena ball joint, kuti ndisagule chosafunika?

Imani pafupi amakaniko akamayeza, muone ndi maso anu. Galimoto ikakwera pa jeke, amagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, akukayikira ball joint kapena bering'i. Akaligwira kumanja ndi kumanzere likamasewera, maso amapita ku tie rod end ndi rack end. Kenako amalowetsa chitsulo chachitali pafupi ndi bushi n'kukanikiza. Bushi yabwino imangofinyika pang'ono n'kubwerera. Yakufa imaonetsa ming'alu, kapena chitsulo cham'kati chimasuntha chokha. Yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala mozungulira. Mukamva mabampu ndi zigwa motsatizana, tayalalo lakhala likudumpha pamsewu, ndipo shoko ndiyo yoyamba kuikayikira. Likadyeka mbali imodzi yokha, ndi alayinimenti. Shoko yonyowa mafuta mpaka fumbi kumatirira ndi yotha. Kaphokoso kogogoda pa timabampu ting'onoting'ono nthawi zambiri kamachokera ku stabilizer link, kachitsulo kotsika mtengo, koma anthu ambiri agulapo mashoko anayi chifukwa cha iko.

Kukanikiza galimoto pakona n'kuisiya kumathandiza pang'ono: ikadumpha koposa kamodzi, shoko yafa. Koma shoko yofooka ingadutse mayeso amenewa, ndiye muzimvetseranso pamsewu ngati mphuno ikugwa kwambiri pa buleki kapena galimoto ikuyandama mukadutsa hampu.

Mashoko asinthidwe awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Shoko yakale yochokera pagalimoto yophwasulidwa ingaoneke yoyera kunja koma simungaone mavavu ake. Ndipo pali kanthu kamodzi kamene kamapha mabushi atsopano msanga: kumanga mabawuti ake mpaka kumapeto galimoto ili m'mwamba pa jeke. Ikatsitsidwa, mphirayo amapotoka n'kukhala chipotokere, ndipo amang'ambika m'miyezi yochepa. Mabawuti amenewo amalizidwe kumanga galimoto itaima ndi matayala ake. Musachite manyazi kufunsa kuti, "Amakaniko, mabushiwa mumangira pansi kapena pa jeke?" Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya ndi funso lotere.

Pikapu yanga ikanyamuka mwamphamvu matayala akumbuyo amadumphadumpha. N'chiyani?

Mphamvu ya injini imapota ekiselo, ekiseloyo n'kupinda leaf spring. Tayala likaterereka, sipuling'i imabwerera mwadzidzidzi, tayala ligwiranso, ipindikenso, ndipo zimabwerezabwereza mofulumira. Zikayamba, chotsani phazi pamoto nthawi yomweyo, chifukwa kudumpha kumeneku kumathyola shafiti ndi mano a difu. Yambani n'kuona mashoko akumbuyo, mabushi a sipuling'i ndi ma U-bolt ngati ali omangika. Opikisana amawonjezera zitsulo zotchedwa traction bar zoletsa ekiselo kupota. Galimoto zokoka ndi kutsogolo nazo zimadumpha chimodzimodzi, ndipo kumeneko olakwa kawirikawiri ndi mabushi a mikono yapansi ndi mamaunting'i a injini amene afewa.

Ndiye galimoto imodzi singathe kuchita zonse ziwiri?

Ingathe, koma mbali imodzi iyenera kugonja, ndipo ine ndimati igonje ndi ya mpikisano. Galimoto imene imayenda m'tauni chaka chonse n'kukapikisana kamodzi kapena kawiri ikonzedwe molingana ndi m'tauni. Zosintha za tsiku la mpikisano zikhale zobwezeka: mashoko okhala ndi kachitsulo kopotokola kofewetsera ndi kulimbitsira, matayala awiri apadera onyamulira m'buti, kuchotsa katundu wosafunika, kuchepetsa mpweya pabwalo n'kuupopanso musanatuluke pachipata. Stabilizer ikamasulidwa, imangidwenso pomwepo.

Kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kayambire pansi. Choyamba matayala abwino ofanana, kenako mabushi, ma ball joint ndi mamaunting'i, kenako mashoko abwino a msinkhu wa fakitale, kenako alayinimenti ndi mabuleki. Galimoto yazaka khumi ndi zisanu ikalandira zimenezi imanyamuka bwino, imaima bwino ndipo imakhota bwino kuposa inzake yovala ma coilover (mashoko ophatikizidwa ndi sipuling'i, osinthika msinkhu) otsika mtengo pamwamba pa mabushi ong'ambika. Ma coilover ambiri anapangidwira misewu yosalala. Ndi ouma, ulendo wake ndi waufupi, ndipo mazinga ake osinthira msinkhu amagwidwa ndi dzimbiri ndi matope akapanda kutsukidwa. Posintha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mulembe m'kabuku mpweya umene munaika ndi pamene munasiya shoko. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Kumbukiraninso kuti galimotoyo iyenera kukadutsa pa COF, ndipo a inshuwalansi angavute kulipira ngozi ikachitika pagalimoto yosinthidwa kwambiri iwo osauzidwa.

Poti mu Blantyre mulibe bwalo lomangidwira drag, tingayesere pa Chipembere Highway usiku?

Ayi. Malamulo a pamsewu salola mpikisano pamsewu wa anthu onse popanda chilolezo, koma ngakhale wapolisi atakhala kuti palibe, msewuwo sukhala wopanda anthu. Usiku pamadutsa alonda opita ndi kuchokera kuntchito, ogwira ntchito mashifiti m'mafakitale a ku Makata, odikirira odwala ku chipatala cha Queen Elizabeth, akabaza ena opanda nyali yakumbuyo. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Galimoto imene pa makilomita 60 pa ola ikanaima munthu asanafikidwe, pa 120 imamupeza isanachepetse n'komwe liwiro lake mokwanira. Bwalo lenileni lili ndi makoma otchinga m'mbali, mtunda wautali woimira kupitirira mzere womaliza, ambulansi ndi ozimitsa moto, ndipo pansi pake amapakapo mankhwala omata kuti tayala ligwire. Phula la m'tauni lili ndi mchenga wokokoloka ndi mvula ndi dizilo wodontha m'malole, moti ngakhale zimene mungayeze pamenepo sizingakuuzeni zoona za sasipenshoni yanu.

Okonda masewerawa ali ndi njira yotsegula: kupanga kalabu, kupeza malo otchingika bwino, kupempha chilolezo kwa apolisi ndi khonsolo ya mzinda, kuika oonerera kutali kumbuyo kwa mzere wonyamukira, ndi kuyeza galimoto iliyonse isanaloledwe. Mtunda wa mamita 201, theka la wa nthawi zonse, ndi wovomerezeka m'masewerawa ndipo umafuna malo ochepa. Zoyeza za tsiku ndi tsiku sizifuna liwiro konse. Yendani pa makilomita 40 pa ola pamsewu wopanda anthu masana, mugwire buleki mwamphamvu muone ngati galimoto ikukokera mbali imodzi, mudutse hampu pang'onopang'ono mawindo ali otsegula mumvetsere, kenako muime pamalo osalala muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa rimu kufika m'mphepete mwa thupi, mbali zonse zinayi. Kumanja ndi kumanzere kukasiyana koposa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, sipuling'i ina yatopa kapena sinakhale bwino pampando wake, ndipo galimotoyo ibwerere kugalaja musanaganize zoitsitsa kapena kuikweza.